Mapiritsi a ubongo: zomwe makoswe ndi agalu okalamba aonetsa

Pa botolo la mapiritsi kapena paketi ya ufa womwe akuti umanola ubongo, sipalephera mawu akuti "kafukufuku wasonyeza". Nthawi zambiri mawuwa sakhala abodza. Kafukufukuyo anachitikadi, ndipo ena mwa omwe anamuchita ndi akatswiri olemekezeka a m'mayunivesite akuluakulu. Chomwe botolo silinena n'chakuti amene anadya zinthuzo n'kuyamba kukumbukira bwino sanali munthu. Anali khoswe wa miyezi 19, kapena mbewa, galu, mwinanso ntchentche.

Zimenezi sizikutanthauza kuti ntchitoyo ndi yachabe. Koma amene akuganiza zogulira mayi ake okalamba botolo lotere ayenera kudziwa zomwe zinachitika m'malabotalemo, komanso zomwe zinatuluka zinthu zomwezo zitaperekedwa kwa anthu.

Chifukwa chiyani amayesera pa nyama?

Munthu amachedwa kukalamba. Wasayansi wofuna kutsatira mwana mpaka atafika zaka 70 akhoza kutsogola yekha kumanda yankho asanalione. Mbewa ya mu labotale imangokhala zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo ikafika miyezi 18 mpaka 24 amaiwerengera ngati munthu wa zaka 56 mpaka 69. Chakudya chake chimayezedwa pa sikelo, sisuta fodya, simwa mowa, ndipo mayeso akatha ubongo wake amautsegula n'kuona zomwe zasintha.

Ubongo wa nyamazi umakalamba m'njira zingapo zofanana ndi wathu. Gawo lotchedwa hippocampus, lomwe limathandiza kukumbukira malo ndi zinthu zongochitika kumene, limayamba kufooka. Maselo atsopano amabadwa ochepa. Mitochondria, tizigawo ta m'selo topanga mphamvu, timatopa n'kumatulutsa tinthu towononga totchedwa free radicals. Zakudya zomwe zili ndi ma antioxidant zimalimbana ndi tinthu timeneti, ndipo apa ndi pomwe panachokera chiyembekezo chonse.

Khoswe amaiwala bwanji?

Khoswe sungamufunse dzina la mdzukulu wake. Njira yotchuka yoyezera kukumbukira kwake inayambitsidwa ndi a Richard Morris ku yunivesite ya St Andrews ku Scotland mu 1981. Amatenga chidebe chachikulu chozungulira, m'mimba mwake mwa mita imodzi ndi theka kapena kuposerapo, n'kuthiramo madzi. Madziwo amawasungunulira mkaka wa ufa kapena penti wosapweteka kuti asaonekere pansi. Penapake m'madzimo amabisamo kansanja, komira pang'ono chabe, kotalika mokwanira kuti khoswe akakapeza aimepo n'kupuma.

Khoswe amadziwa kusambira koma madzi sawakonda. Tsiku loyamba amangozungulira m'mphepete, kukanda khoma, mpaka mwendo utagunda kansanjako mwangozi. Ali pamenepo amayang'ana uku ndi uku: chitseko chili apo, zenera uko, chithunzi pakhoma. Pakapita masiku anayi kapena asanu, khoswe wachinyamata ukamuponya mbali iliyonse amalunjika pa kansanja m'masekondi ochepa. Kenako amakachotsa kansanjako, kamera ili pamwamba n'kumajambula. Wokumbukira amazungulirazungulira pamalo pomwe panali kansanja, kubwererabwerera. Woiwala amangosambira paliponse.

Pali chinthu china chokhudza mtima chomwe mayesowa anaonetsa. A Michela Gallagher ndi anzawo ku America anapeza kuti makoswe okalamba safanana: ena amasochera kwambiri, koma ena a msinkhu womwewo, odya chakudya chomwecho, amapeza kansanja ngati anyamata. Mu 1996 iwo ndi a Peter Rapp anawerenga maselo a mu hippocampus ndipo anapeza kuti ngakhale makoswe osocherawo maselo awo anali asanafe. Chomwe chinafooka ndi kulumikizana kwa maselowo. Uwu unali uthenga wabwino, chifukwa chofooka chikhoza kulimbikitsidwa pomwe chakufa sichidzuka.

Wofufuza wosamala amadziwanso kuti khoswe wokalamba akhoza kuchedwa chifukwa cha ng'ala, miyendo yofooka kapena kuzizidwa, mutu uli bwinobwino. N'chifukwa chake amayesanso ndi kansanja koonekera pamwamba pa madzi. Kafukufuku yemwe sanachite zimenezi ndi wokayikitsa.

Zipatso za ku Boston

Mu 1999 a James Joseph ndi a Barbara Shukitt-Hale, a pa likulu lofufuza za zakudya ndi ukalamba pa yunivesite ya Tufts ku Boston, anatenga makoswe a miyezi 19 n'kuwagawa m'magulu. Gulu lina analiwonjezera sitiroberi m'chakudya, lina sipinachi, lina zipatso za blueberry, lina sanaliwonjezere kanthu. Patatha masabata 8 okha, magulu atatu odya zowonjezera anachita bwino pa mayeso a m'madzi kuposa anzawo. A blueberry anapambananso pa kuyenda pa kamtengo kopyapyala ndi kukhazikika pa ndodo yozungulira osagwa.

Chomwe chinadabwitsa anthu n'chakuti makoswewa anali atakalamba kale pomwe amayamba kudya zipatsozo. Zinaoneka ngati ukalamba wabwerera m'mbuyo pang'ono. Kuchokera pamenepo malonda a blueberry anakwera ndipo makapisozi ake anadzadza m'masitolo. Koma mayeso pa anthu anayamba mochepa kwambiri: amodzi otchuka a mu 2010 anali ndi okalamba 9 okha omwe anamwa madzi a zipatsozi kwa masabata 12. Otsatira ake akhala akupeza phindu laling'ono pa mayeso ena, pa ena osapeza kanthu.

Mapiritsi awiri a ku Berkeley

Mu 2002 gulu la a Bruce Ames a ku yunivesite ya California ku Berkeley, pamodzi ndi a Tory Hagen ndi a Jiankang Liu, linalengeza kuti makoswe okalamba opatsidwa acetyl-L-carnitine ndi lipoic acid anayamba kuyendayenda mwamphamvu, kukumbukira bwino, ndipo mitochondria a mu ubongo wawo anaoneka osawonongeka kwambiri. Zinthu ziwirizi zinali zikugulitsidwa kale, ndipo kampani ya Juvenon, yomwe a Ames anali mmodzi mwa oiyambitsa, inaziphatikiza m'piritsi limodzi.

Patatha zaka khumi, madokotala ku America anapereka lipoic acid pamodzi ndi mavitamini E ndi C kwa ena mwa odwala Alzheimer 78 kwa masabata 16. Zizindikiro za kuwonongeka kwa maselo m'madzi a mu msana zinatsikadi, monga momwe makoswe analonjezera. Koma pa mayeso a kuganiza, gulu lomwe linamwa zinthuzi linatsika msanga kuposa lomwe linamwa mapiritsi opanda mankhwala. Ofufuzawo anachenjeza kuti zimenezi ziyenera kuunikidwa bwino anthu asanapitirize.

Agalu 48

Kafukufuku yemwe ine ndimamuona kuti ndi wofunika kuposa onse pa nkhaniyi sanachitike pa makoswe. Anachitika pa agalu a mtundu wa beagle, ndipo anatsogolera ndi a Norton Milgram a ku Toronto pamodzi ndi a Carl Cotman ndi a Elizabeth Head a ku Irvine, California.

Galu ali pafupi nafe m'njira yomwe khoswe sali. Akakalamba, mu ubongo wake mumaunjikana puloteni yotchedwa beta-amyloid, yomweyo imene imapezeka mwa odwala Alzheimer. Amene anasungapo galu mpaka kukalamba amazidziwa zizindikiro zake: kuima pakona osadziwa kotulukira, kuuwa usiku popanda chifukwa, kusazindikira mwini wake msanga.

Ofufuzawa anatenga agalu okalamba 48 n'kuwagawa m'magulu anayi a agalu 12. Gulu loyamba linkadya chakudya cha masiku onse n'kumakhala monga mwa nthawi zonse. Lachiwiri linkadya chakudya chowonjezera mavitamini E ndi C, lipoic acid, carnitine, komanso sipinachi, karoti, ndi zotsalira za tomato, mphesa ndi malalanje zouma. Lachitatu linkadya chakudya wamba koma moyo wake unasinthidwa: galu aliyense anapatsidwa mnzake wogona naye m'khola, zidole zosinthasintha, kuyendetsedwa panja kawiri pa sabata, ndi maphunziro pafupipafupi. Lachinayi linalandira zonse ziwiri. Izi zinachitika kwa zaka zoposa ziwiri.

Mayeso ake anali otere. Galu amalowa m'bokosi lamatabwa, kutsogolo kwake n'kubwera thireyi yokhala ndi timaenje. Pa timaenjeto pavindikiridwa zinthu ziwiri, chachikulu ndi chaching'ono, ndipo kanyama kali pansi pa chimodzi. Kuti mphuno isamuthandize, amapaka fungo la nyama pansi pa zonse ziwiri. Galu amakankha ndi mphuno chomwe wasankha. Akazolowera kuti nyama imakhala pansi pa chachikulu, amamusinthira: tsopano ili pansi pa chaching'ono. Apa ndi pomwe ukalamba umaonekera. Galu wamng'ono amalakwitsa kangapo n'kuzindikira kuti malamulo asintha. Wokalamba amakakamira pa chakale, kukankha chachikulu chomwecho kambirimbiri, m'kamwa muli gwa.

Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2005. Chakudya chokha chinathandiza. Moyo wosinthidwa wokha unathandizanso. Koma agalu omwe analandira zonse ziwiri anaposa ena onse, ndipo omwe sanalandire chilichonse ndi omwe anatsika kwambiri zaka zikamapita. Ubongo wa agaluwa utaunikidwa pambuyo pake, a gulu lachinayi anapezeka ndi BDNF yambiri, puloteni yomwe imadyetsa ndi kulimbitsa maselo a ubongo. Agalu aang'ono opatsidwa chakudya chomwecho sanasinthe kwenikweni.

Kampani ya Hill's, yomwe inakonza chakudya cha m'kafukufukuyu, inayamba kugulitsa chakudya cha agalu okalamba chotchedwa b/d. Chakudya chikhoza kuikidwa m'thumba n'kulembedwa mtengo. Mnzako wogona naye, ulendo wa panja ndi phunziro latsopano sizilowa m'thumba, choncho theka limeneli la zotsatira silimveka kawirikawiri pa zotsatsa malonda. Komatu theka limeneli ndi lomwe laonekanso mobwerezabwereza pa nyama zina. A Henriette van Praag ndi a Fred Gage a ku Salk Institute anaonetsa mu 2005 kuti mbewa zokalamba zoikiridwa gudumu lothamangapo zinayambanso kupanga maselo atsopano mu hippocampus ndi kuphunzira msanga, popanda piritsi lililonse.

Zitafika kwa anthu

Apa nkhani ndi yaifupi ndipo ndi yowawa. Masamba a mtengo wa ginkgo anathandiza makoswe m'mayeso ambiri. Ku America anthu 3,069 a zaka 75 kupita m'tsogolo anatsatiridwa kwa zaka pafupifupi 6, theka akumwa mamiligalamu 120 kawiri pa tsiku. Mu 2008 zinadziwika kuti matenda oiwalaiwala sanachepe. Vitamini E wambiri anaperekedwa kwa zaka zitatu m'kafukufuku wa anthu 769 omwe anali atayamba kuiwala pang'ono. Zotsatira za mu 2005 zinaonetsa kuti sanachedwetse Alzheimer. Mafuta a nsomba a omega-3, omwe amachita zodabwitsa pa mbewa, sanasinthe kaganizidwe ka okalamba m'kafukufuku wa zaka zisanu wa anthu oposa 3,000. Spermidine inabwezeretsa kukumbukira kwa ntchentche zokalamba ku Berlin mu 2013, koma itayesedwa m'kafukufuku wa okalamba 100 mumzinda womwewo kwa chaka chathunthu, siinasinthe kanthu.

Mu 2019 bungwe la WHO linanena mosapita m'mbali kuti mavitamini B ndi E, mafuta a omega ndi mapiritsi ophatikiza zambiri asamalangizidwe ngati njira yopewera kuchepa kwa nzeru kapena matenda oiwalaiwala.

Zimasokonekera pati?

Choyamba ndi mlingo. Thupi la mbewa limatentha chakudya mofulumira kwambiri, ndipo mlingo wake suwerengedwa mongochulukitsa ndi kulemera kwa munthu. Ngakhale utawerengedwa bwino, kawirikawiri umakhala waukulu kuposa womwe munthu angaupeze m'mbale. Resveratrol, yopezeka m'makoko a mphesa, inatchuka mu 2006 itathandiza mbewa zodya mafuta ambiri, koma kuti munthu afike pa mlingo umenewo ndi vinyo angafunike makapu mazanamazana pa tsiku. Kampani ya GlaxoSmithKline inalipira madola 720 miliyoni mu 2008 kugula Sirtris, kampani yomwe inkafufuza za mankhwala otere, ndipo inaitseka mu 2013. Nayo curcumin ya mu turmeric inachepetsa amyloid mu mbewa ku Los Angeles mu 2001, koma matumbo a munthu amangoyamwako pang'ono kwambiri.

Chachiwiri, chomwe sichikambidwa mokwanira, ndi moyo wa nyama yomwe akuyerekezera nayo. Khoswe wa mu labotale amakhala m'kabokosi kakang'ono, chakudya chili pamphuno usana ndi usiku, kopita kulibe, chochita palibe. Amanenepa, shuga amakwera, ubongo umagona. Nyama yotere chilichonse chabwino chikhoza kuidzutsa. Zili ngati feteleza: ukamuthira m'munda woguga, chimanga chimasintha maonekedwe sabata yomweyo, koma m'dimba lachonde kale kusiyana sikuoneka, ndipo ukachulukitsa umawotcha mbewu. Anthu ambiri omwe amalowa m'mayeso ku America ndi ku Ulaya amadya mokwanira kale.

Apusi a mtundu wa rhesus anaonetsa bwino mfundoyi. Magulu awiri a ofufuza, lina ku Wisconsin kuyambira 1989 ndi lina la National Institute on Aging kuyambira 1987, anachepetsa chakudya cha apusi ndi 30 pa 100 iliyonse. A ku Wisconsin anapeza mu 2009 kuti apusi odya pang'ono ankadwala mochepa ndipo mbali zina za ubongo wawo sizinafote kwambiri. Enawo mu 2012 sanapeze kusiyana pa kutalika kwa moyo. Atayerekeza, zinapezeka kuti chakudya cha ku Wisconsin chinali ndi shuga woposa gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo apusi oyerekezera nawo ankadya momwe afunira, pomwe chakudya cha enawo chinali ndi shuga wochepa ndipo chinkayezedwa.

Chachitatu, mbewa simadwala Alzheimer mwachibadwa. Zomwe amazitcha mbewa za Alzheimer anaziika majini a anthu a m'mabanja ochepa omwe matendawa amayenda m'magazi ndi kuyamba msanga. Agogo a zaka 80 omwe ali ndi BP, shuga ndi timitsempha ta mu ubongo totsekeka ali ndi vuto losiyana. Ngakhale pa mavitamini penipenipo matupi athu amasiyana: khoswe ndi galu amadzipangira okha vitamini C, ife ayi.

Pomaliza, zotsatira za labotale imodzi sizibwerezeka nthawi zonse. Mu 1999 malabotale atatu, ku Albany, Edmonton ndi Portland, anayesa mbewa za mitundu yofanana tsiku limodzi, ola limodzi, ndi zipangizo zofanana, koma zina mwa zotsatira zinasiyana. N'chifukwa chake boma la America linakhazikitsa ndondomeko yoti zinthu zosankhidwa zomwe akuti zimachedwetsa ukalamba ziyesedwe nthawi imodzi ku Maine, Michigan ndi Texas, pa mbewa zazimuna ndi zazikazi zomwe. Pa muyeso wolimbawu, resveratrol, curcumin ndi mafuta a nsomba sizinatalikitse moyo wa mbewa.

Pomwe piritsi limathandizadi

Limathandiza pomwe thupi likusowadi chinthucho. Vitamini B12 ndi chitsanzo chomveka. Amapezeka mu nyama, nsomba, mazira ndi mkaka, ndipo munthu akamakalamba m'mimba mwake mumavutika kumuyamwa. Omwe amamwa metformin wa shuga kwa zaka zambiri amathanso kuperewedwa. Kusowa kwake kumabweretsa dzanzi m'mapazi, kufooka, kuiwala ndi kusokonezeka, ndipo kukadziwika msanga kumachizika. Ku Oxford mu 2010, a David Smith ndi anzawo anapeza kuti mavitamini a B anachepetsa kufota kwa ubongo ndi pafupifupi 30 pa 100 iliyonse mwa okalamba oiwala pang'ono, ndipo phindu lalikulu linali mwa omwe magazi awo ankaonetsa kuti akuperewedwa.

Palinso kafukufuku wa COSMOS-Mind wa mu 2022, wa anthu oposa 2,200 ku America. Ofufuza ankayembekezera zambiri kwa koko, yemwe anachita bwino pa mbewa, koma koko sanathandize. Piritsi wamba la mavitamini osakaniza, limodzi pa tsiku kwa zaka zitatu, ndi lomwe linaonetsa phindu laling'ono pa kukumbukira. Ofufuzawo eni ake anati pafunika mayeso ena otsimikizira.

Ndipo mawu akuti "zachilengedwe" sakutanthauza kuti chinthucho n'chosapweteka. Ginkgo akhoza kuwonjezera kutaya magazi mwa omwe akumwa aspirin kapena warfarin. Vitamini E womwa tsiku ndi tsiku anawonjezera khansa ya prostate ndi 17 pa 100 iliyonse m'kafukufuku wa amuna oposa 35,000 yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2011.

Kwa inu amene muli ndi agogo pakhomo

Mabotolo amenewa afika kwathu kuno, m'mafamase, pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, ndipo ana omwe ali ku Johannesburg kapena ku London amawatumizira makolo awo chifukwa cha chikondi. Ndalama imeneyo ili ndi ntchito zina zomwe umboni wake ndi wolimba. Akatswiri a Lancet Commission anawerengera mu 2024 kuti pafupifupi 45 pa 100 iliyonse ya matenda oiwalaiwala imalumikizana ndi zinthu 14 zomwe zingasinthidwe. Mwa izo muli BP, shuga, fodya, mowa, kusamva, kusaona bwino, kukhala osayendayenda ndi kusungulumwa.

Agogo akayamba kusochera pa njira ya kuchigayo yomwe ayendamo moyo wawo wonse, kapena kufunsa funso lomwelo kasanu, amenewo ndi matenda, si ufiti. Pitani nawo kuchipatala akayezedwe BP, shuga, magazi, maso ndi makutu, ndipo muwauze adokotala mankhwala onse omwe akumwa, a kuchipatala ndi ogula okha omwe. M'mbale mwawo musasowe usipa, dzira, nyemba, ndiwo zamasamba ndi zipatso za nyengoyo. Musawatsekere m'nyumba poopa kuti asochera. Apatseni mdzukulu woyenda nawo kutchalitchi, kumzikiti kapena kudimba, ndipo muzicheza nawo tsiku lililonse.